Wotchi ya ku Lusaka ndi BP ya Apongozi Anga

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda. Koma poti ku Minga konse akuikamba kale, ena mpaka kuthiramo zokometsera zawo, bola ndiinene ndekha mwini wake. Manyaziwo ndi anga, musavutike kundithandiza kusenza. Inu ingosekani.

Ine ndine Bonifasi Daka, mlimi wa mtedza ndi mpendadzuwa, komanso mkamwini. Mkamwini wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi! Nditakwatira Esinati, ndinakamanga kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo, m'mudzi wina kuseri kwa Minga. Ndinkati ndikhalako zaka ziwiri, ndilime, ndionetse khalidwe, kenako ndipemphe kumutenga mkazi wanga. Zaka ziwiri zija zinaswana ngati mbuzi.

Ku Petauke ndili ndi nyumba. Ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda zitatu, mpaka toilet ya m'kati yomwe sinayambe ntchito chiimangire. Yakhala yokiya zaka ziwiri, ikudikira mawu amodzi okha ochokera kwa apongozi anga, akuti "mutengeni." Popanda mawu amenewo Esinati sangasunthe phazi, ndipo ine sindingapite ndekha kukagona ndi makoma.

Apongozi anga, amai Tembo, ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wowonda ngati mpini wa khasu. Kumunda amamaliza mizere iwiri ine ndikadali pakati pa woyamba. Chikwatirire mwana wawo sitinalankhulanepo maso ndi maso, chifukwa ulemu wa kwathu ndi umenewo. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sawagwira dzanja, sakhala nawo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'tchire, kugwada, n'kuomba m'manja mpaka adutse.

Mawu onse amadzera kwa Esinati. Ngakhale tili pabwalo limodzi, iwo amati, "Esinati, muuze mwamuna wako kuti mbuzi zake zadya chinangwa changa," ine ndili pomwepo, ndikumva ndi makutu anga awiri. Ndiye Esinati amatembenuka n'kundiuza, ngati kuti uthengawo wabwera pa basi kuchokera ku Chipata.

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, zinthu zinayamba kuoneka bwino. Amalume ake a Esinati, aTembo, omwe ndi mlongo wawo wa apongozi, anandikokera pambali Lachiwiri madzulo. Iwo amanditchula awisi Joyi, kutanthauza bambo ake a Joyi, mwana wathu woyamba.

"Awisi Joyi, pa Chiwelu tizakhala pansi pa nkhani yanu ija," anatero amalume. "Ine navomela kale. Koma muwadziwa alongo anga. Masiku aya muyende bwino, musawaponde pa chala."

Munthu wanzeru akanangokhala phee mpaka Loweruka lifike. Ine ndinaganiza zowasangalatsa.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangobwera kumene kuchokera ku Lusaka, kwa mng'ono wanga Gifiti, padzanja ndili ndi wotchi yatsopano imene iye anandipatsa. Osati wotchi wamba ayi. Yakuda, ya galasi ngati foni, ukangokweza mkono imayaka yokha. Imawerenga mapazi amene waponda, imakuuza mmene mtima ukugundira, ndipo ukadina pena pake n'kukhala chete, imapima BP. Gifiti anati manambala akatuluka a green zili bwino, akatuluka a red pali nkhani. Ananenanso zina zambirimbiri, koma ine maganizo anali pa basi.

Kunena zoona, pa ine inali itaonetsa kale red kawiri. Koyamba munali m'basi, tikutsika mapiri a ku Luangwa, dalaivala akuthamanga ngati wasiya ndiwo pamoto. Ndani mtima wake ukanakhala green pamenepo? Kachiwiri kunali ku Nyimba, nditangomeza nthochi zisanu ndi imodzi. Ndinati ndi nthochizo. Pa ine, red aliyense anali ndi chifukwa chake chomveka bwino. Kuyambira pamenepo ndinaleka kudina malo amenewo, ndinkangoona nthawi ndi mapazi.

Lachitatu m'mawa apongozi anali pansi pa mtengo wa mango akusenda mtedza ndi Esinati. Ine ndinali chapatali, ndikukonza tcheni cha njinga. Ndinawamva akuuza mwana wawo kuti mutu ukuwalemera pang'ono. Ndinasiya sipanala pomwepo.

"Anyina Joyi," ndinaitana mkazi wanga, "uzani amama kuti nili na makina opima BP."

"Imwe, zisiyeni," anatero Esinati motsitsa mawu.

"Auzeni chabe!"

Esinati anapumira m'mwamba. "Amama, ati ali na makina opima BP."

"Namva," anatero apongozi osadzutsa mutu. "Muuze kuti kaja ni kawotchi. Nikafuna kudziwa nthawi niyang'ana dzuwa."

"Auzeni kuti ni ya ku Lusaka. Iona mpaka m'magazi."

Apongozi anga ali ndi chofooka chimodzi: sakonda kuti chinthu chidziwike ndi ena iwo asanachione. Anapukuta dzanja pa chitenje.

"Muuze akabweletse, tione bodza lake."

Tsono kuwapatsa ndiye inali ntchito. Sindikanawapatsa pamanja. Ndinaivula, n'kuiika pa mbale, Esinati n'kuinyamula ndi manja awiri ngati chopereka cha ku tchalitchi. Ine ndinatembenukira ku nkhokwe, msana kwa apongozi, n'kuyamba kupereka malangizo kwa chimanga.

"Mangani bwino, isagwedele! Dzanja pachifuwa! Asakambe, asapume mwamphamvu!"

"Muuze kuti pakhomo panga palibe wonilesa kukamba," anatero apongozi.

Mbale ija inabwerera. Ndinayang'ana. Red! 167 pamwamba, 103 pansi!

Ndiulule tchimo langa. Ndinachita mantha, inde, koma pansi pa manthawo panali kachimwemwe. Ndinati Mulungu wandikumbukira. Kwangotsala masiku atatu kuti akhale pansi pa nkhani yanga, ndipo ine ndapatsidwa mwayi wopulumutsa moyo wa apongozi! Ndinadziona kale ndili ku Petauke, nditakhala pakhonde langa, mwendo pamwamba pa unzake.

"Auzeni kuti ni serious," ndinatero ndikuyang'anabe nkhokwe. "Kuyambila lelo, mchele ayi. Soda mu delele ayi. Kapenta ayi. Mbewa zija zofutsa na mchele ayi. Khasu asaligwile."

Esinati anafotokoza zonse, akuchepetsako apa ndi apo. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutola mtedza wina.

"Muuze kuti nakana, nikufuna lini. Mutu walema chifukwa mailo, dzulo lomweli, nenze pa dzuwa. Akakhala dokotala, akayambe na mbuzi zake."

Apa mpamene ndinachita chinthu chomwe mpaka lero ndikachikumbukira ndimatuluka thukuta. Masana apongozi atapita ku mjigo, ndinauza Esinati kuti akachotse mchere kukhitchini kwa amayi ake. Anakana, nati sakufuna kufa ali mwana. Ndiye ndinapita ndekha. Ine, mkamwini, kulowa m'khitchini mwa apongozi! Ndinatenga chigubu cha mchere ndi kapaketi ka soda, n'kukazibisa m'khola la nkhunda. Ndinadziuza kuti ndi chikondi.

Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unamva.

"Esinatiii! Mchele wanga!"

Ine ndinali m'nyumba mwanga, nditakhala pa thumba la mpendadzuwa, ndikumvetsera. Sipanafunike wonyamula mawu tsiku limenelo, koma mwambo anausungabe.

"Muuze mwamuna wako kuti awisi wako anakhala na ine zaka makumi anayi, anafa osagwilapo chigubu chija! Iye ni ndani?"

Esinati analowa, maso ali psuu. "Mwamva?"

"Azanithokoza," ndinatero. Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono.

Lachinayi m'mawa amalume aTembo anabwera kudzaweruza mlandu wa mchere. Anakhala pa mpando pakati pa bwalo, apongozi pamphasa kumbali, ine nditagwada cha ku nkhokwe kwanga kuja. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, n'kupempha kuti apongozi apimidwenso, poti agona osadya mchere. Iwo anavomera msanga, kuti andichititse manyazi pamaso pa mlongo wawo.

Mbale inapita, mbale inabwera. Red! 165 ndi 101.

Tsopano mantha anga anali enieni. Usiku wonse opanda mchere, BP osatsika?

"Tabweletsani kuno tione," anatero amalume, akupinda malaya.

Amalume aTembo ndi munthu wabwino, koma akangomva kuti m'mudzi wina muli chifuwa, iwo amayamba kutsokomola. Ndinawamanga wotchi ndi manja anga. Tinadikira. Red! 168 ndi 102.

Nkhope yawo inagwa pomwepo. "Mayo ine," anatero, akugwira m'khosi. "Ndiye chifukwa chake! Mwendo uyu wakhala uchita dzanzi kuchokela pa Isitala. Awisi Joyi, nione bwino, pakamwa sipanapotoke?"

Tinapima Esinati. Red! 166 ndi 103.

Mkazi wanga ndi wanzeru kuposa ine, izi ndimavomera pokhapokha iye palibe. Anayang'anitsitsa wotchi ija, n'kunena kuti, "Koma imwe, manambala aya afanana bwanji monga mapasa? Anthu atatu?"

"Ni ya kumtundu," ndinayankha mosachedwa. "Ili m'magazi mwanu a kwa Tembo. Banja lonse lili pa ngozi. Wotchi iyi siinama!"

"Siinama," anavomereza amalume, omwe tsopano anali atatsika pa mpando n'kukhala pansi, ati kuti asagwe kuchokera pamwamba. "Alongo, mailo m'mawa tonse ku chipatala. Nakamba monga mwine mbumba."

Apongozi anakana, anakalipa, anati ayenda wapansi ngati n'kofunika. Ine ndinatumiza mawu oti munthu wa 165 akayenda pa dzuwa amagwa ngati mtengo, choncho akwere ngolo yanga. Amalume anachonderera mpaka misozi. Pomaliza apongozi anati, "Muuze kuti nizakwela ngolo yake. Koma pa Chiwelu tizakambilana bwino." Mawu akuti "bwino" amenewo ndinawamva ndithu, koma ndinati akamva kwa madokotala asintha.

Lachisanu kutacha tinamanga ng'ombe za amalume. M'ngolo tinayala matiresi, n'kugoneka apongozi, n'kuwafunda bulangete. Bulangete mu Okutobala! Ndinali nditamva kwinakwake kuti wodwala safunika mphepo. Amalume anagona chopingasa kumapazi, akubuula. Esinati anakhala pa ngodya, chitenje kumutu, akuyang'ana pansi.

Ine sindikanakwera ngolo imodzi ndi apongozi. Ndinatsogola wapansi, chingwe cha ng'ombe m'manja, nditavala jekete yanga ya pa ukwati kuti madokotala andione kuti ndine munthu wodziwa zinthu.

Sitinapite patali. Pa mjigo, amayi ataona amai Tembo atagona pa matiresi, anasiya zidebe. Mayi amene sanagonepo masana chibadwire!

"Awisi Joyi, ni chinji?"

"BP!" ndinayankha mokweza. "167! Nachita kuigwila ine na makina!"

Anatitsatira. Mudzi wotsatira anawonjezeka ena. Amayi a mphakati wathu wa ku tchalitchi anayambitsa nyimbo ya odwala, ya pang'onopang'ono ija. Wina anatsogola pa njinga kukauza abale kuti amai Tembo achita sitiroko, sakulankhula. Kusalankhulako kunali koona, koma chifukwa chake chinali mkwiyo.

Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi, ndikukweza mkono kuti wotchi iyake. Thukuta linali chuchuchu m'jekete, mutu ukugunda, koma mtima unali m'mwamba. Nditacheuka pang'ono kuti ndione ng'ombe, ndinaona makoko a mtedza akugwa m'mbuyo mwa ngolo, limodzi limodzi, njira yonse. Wodwala wanga anali atabisa mtedza m'chitenje, ndipo ankasenda pansi pa bulangete.

Tinafika pa chipatala cha mishoni dzuwa lili pamutu, ndi chigulu cha anthu ngati tikuperekeza mkwati.

"Emergency!" ndinakuwa pa geti. "Anthu atatu, banja limodzi!"

Anatilandira nesi wina wamfupi, wa magalasi, wa mtundu uja wosathamangira chilichonse. Anabweretsa njinga ya odwala. Apongozi anaiyang'ana, n'kudumpha m'ngolo okha, kukutumula makoko pa chitenje, n'kulowa m'chipinda ali tsotsotso, nesi akuwathamangira pambuyo. Tinalowa tonse anayi. Ine ndinaima pakona, nkhope ku khoma, pomwe panali chithunzi cha mwana wodwala chikuku.

Ndinamva lamba akumangidwa pamkono, makina akupopa, mpweya ukutuluka.

"124 na 78," anatero nesi. "Amai, mtima wanu ni wa mtsikana. Mudya chani?"

"Mchele," anayankha apongozi.

Anapima amalume. 130 ndi 80. Bambo amene tinachita kumunyamula potsika m'ngolo anaimirira, kudziongola, n'kufunsa ngati pa geti akugulitsabe zitumbuwa. Anapima Esinati. Bwinobwino.

Munthu wanzeru akanapepesa pamenepo. Ine ndinatsokomola, n'kuuza khoma kuti, "Sister, mwina makina anu ni akale. Anga ni a ku Lusaka."

"Tabweletsani," anatero nesi.

Anaivala padzanja lake, n'kudina, n'kukhala chete. Kenako anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno.

"166 na 102. So na ine nidwala. Bambo, tembenukani, nikamba na imwe. Wotchi iyi pamene anakupatsani, anakumangani lamba monga uyu pamkono?"

Ndinatembenuka theka, maso pansi. "Ee. Mng'ono wanga ananimanga katatu, na makina a mkazi wake. Analemba manambala mu foni yake."

"Munaganiza kuti achita chani?"

"Registration," ndinatero. "Monga ya SIM card."

Nesi anavula magalasi n'kuwapukuta. Analankhula pang'onopang'ono, mmene amalankhulira ndi ana a sukulu ya mkaka.

"Wotchi iyi siipima monga makina aya. Iyamba yaphunzila munthu mmodzi, mwine wake. Manambala amene analemba tsiku lija ndiye poyambila pake. Ukaivalika munthu wina, ingozungulila pafupi na manambala yomweyo. Olo muivalike abambo mfumu, olo ine, olo mwana wa Grade One."

Amene anafunsa anali Esinati.

"Manje sister, manambala aya ni a ndani?"

Nesi anandiyang'ana. Amalume anandiyang'ana. Ndinamva kumsana kuti apongozinso akundiyang'ana, koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Bambo," anatero nesi, "vulani jekete."

Lamba anafinya. Nesi anakwinya nkhope. Anandipumitsa kanthawi, n'kupimanso. Anasintha mkono, n'kupimanso kachitatu.

"178 na 108. Mwabwela bwanji kuno?"

"Wapansi."

"Na dzuwa ili? Na jekete? Mukoka ng'ombe?"

"Ninali kupulumutsa odwala," ndinatero.

Esinati anali atatulutsa kale foni, akuimbira Gifiti, ndipo anaika pa loud kuti aliyense adyeko.

"Mlamu, ninawauza katatu!" anakuwa Gifiti kuchokera ku Lusaka. "Ninati akangofika apite ku clinic, BP yawo ili pamwamba! Ndiye chifukwa chake ninawagulila wotchi! Iwo anangofunsa ngati iloleza madzi!"

Anandigoneka pa bedi, kundipatsa mapiritsi, n'kundisunga mpaka dzuwa litapendeka. Kunja nyimbo inali ikupitirira. Kenako ndinamva amalume akulankhula ndi gulu lija, nyimbo n'kuduka pakati pa vesi. Panapita kamphindi. Ndiye kunabuka chiseko chomwe ndikukhulupirira kuti chinamveka mpaka ku msewu waukulu. Amalume omwe aja, omwe dzulo lake ankandifunsa ngati pakamwa papotoka, ndi amene ankafotokoza nkhaniyo, akuyerekeza ndi mmene ndinkakwezera mkono.

Potuluka, nesi analamula kuti ndisayende wapansi. Ndinayesa kukana, koma apongozi anatumiza mawu amodzi okha kudzera kwa Esinati: "Akwele." Ndinakwera. Ndinagona pa matiresi omwe aja, pa makoko a mtedza. Apongozi anathyola kamtengo n'kuyamba kuyendetsa ng'ombe okha, akuyenda m'mbali mwa ngolo, pafupi penipeni ndi mutu wanga.

Tsono taganizani vuto langa. Ndagona chagada, nkhope ya apongozi ili pamwamba pangapa. Ndiyang'ane kuti? Kumanzere kuli iwo. Kumanja kuli amayi a mphakati akudzitsina kuti asaseke. Ulemu unandiuza chochita. Ndinakoka bulangete n'kudzifunda mpaka kumutu.

Zimenezo zinayenda bwino mpaka pa mudzi woyamba. Anthu a kumeneko anationa m'mawa ine ndikutsogola wamoyo. Tsopano akuona ngolo ikubwerera pang'onopang'ono, munthu atafundidwa kumutu, nsapato za ukwati zitatulukira kumapazi, mkazi wake akuyenda pambuyo atagwira pakamwa.

"Mayooo! Awisi Joyi atisiyaaa!"

Maliro anabuka! Mayi wina anadzigwetsa pansi. Bambo wina anavula chipewa n'kuyamba kunena kuti ndinali munthu wofatsa, ngakhale ndinali ndi matama pang'ono. Esinati sakanatha kuwalongosolera, chifukwa chimene ankabisa pakamwa chija chinali chiseko, ndipo misozi inali ikutsika yeniyeni.

Ndinatulutsa mkono pansi pa bulangete kuti ndiwabayibitse, aone kuti ndili moyo. Wotchi inayaka yokha. Mayi wodzigwetsa uja anadzuka n'kuliyatsa liwiro, osacheuka.

"Esinati," anatero apongozi, ali phee, "muuze mwamuna wako abweze dzanja. Aopseza anthu."

Loweruka linafika. Ndinakatenga mchere ndi soda m'khola la nkhunda, kupukuta zitosi, n'kutumiza pa mbale. Kenako ndinakagwada pamalo panga. Ndinali nditakonzeka kumva chilichonse, ngakhale kuuzidwa kuti ndinyamule njinga yanga ndizipita kwathu ndekha.

Amalume anatsegula nkhani, akupewa kundiyang'ana kuopa kuseka. Kenako inafika nthawi ya apongozi. Atayamba kulankhula, mawu awo anali ofewa mwa mtundu umene sindinaumvepo.

"Esinati, muuze mwamuna wako kuti nauona mtima wake. Ni wopusa, koma ni wabwino. Anayenda wapansi pa dzuwa lija, adwala, chifukwa aganiza kuti nizafa. Ana anga obala neka sanachitepo zimenezo. Mkamwini wotele apezeka lini."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinaomba m'manja katatu. M'mutu ndinali nditayamba kale kupakira katundu: bedi pansi, mipando pamwamba, nkhunda m'dengu.

"Ndiye chifukwa chake," anapitiriza apongozi, "siningamutaye ku tauni. Akafika kuja azayamba machipisi na soseji, miyezi itatu tizamva kuti wagwa. Mwana wanga akhale wamasiye? Akhale pano, nimuyang'anile neka."

Manja anga anaima m'malere.

"Alongo," anatero amalume, kuyesa kundithandiza, "nanga azapita liti?"

"Kawotchi kake kakazaonesa gilini."

"Koma amama," anatero Esinati, "anesi anakamba kuti kawotchi kaja kanama."

"Pa ise kanama. Pa mwine wake kakamba zoona. Nenzepo, ninamva na matu anga."

Lero papita miyezi isanu ndi itatu. Mapiritsi ndikumwa osadumphitsa. Mchere wa m'nyumba mwanga umasungidwa kwa apongozi, ndipo Esinati amakatapa ndi kasupuni, iwo akuyang'ana. Ku chipatala makina a lamba akuti BP yanga yatsika bwino, mpaka nesi uja anandiyamikira. Koma wotchi ikadali pafupi ndi manambala a tsiku lija la ku Lusaka, chifukwa kuti iphunzire atsopano pakufunika foni ya Gifiti. M'mawa uliwonse ndimadina, kukhala chete, kuivula, n'kuiika pa mbale. Imapita, imabwera. Yankho limamveka kuchokera pansi pa mango: "Muuze akalibe kupola."

Gifiti ndamuimbira kosawerengeka kuti abwere ndi foni yakeyo. Poyamba ankati Khirisimasi, kenako Isitala, tsopano akungoti ntchito yachuluka. Sabata yatha mpamene ndinadziwa chifukwa chake. Mwezi uliwonse apongozi amamutumizira thumba la mtedza wosenda pa basi, ndi uthenga woti asadzivute kubwera msanga, mkulu wake akusamalidwa bwino.

Abale anga, mukapatsidwa chopimira anthu, yambani ndi dzanja limene chamangidwapo.